Popanda Chifukwa Chomveka

Senderani kuno ana inu, mumve. Kalekale m'dziko la Mphanje malamulo ankasemedwa pa thabwa la mlombwa, ndipo ntchito ya woweruza inali kungowerenga basi. Mlandu unkatha mame asanaume.

Lamulo lina linkati: "Achoke m'dziko aliyense wothyola mpanda wa mnzake."

Tsiku lina masana nyumba ya bambo Chikaonda inagwira moto eni ake ali kudimba, khanda lawo lili m'katimo. Nangondo, mayi woyandikana nawo, anamva kulira. Anapeza chipata chili chomanga ndi luzi, ndiye anagumula mpanda ndi musi, nalowa mu utsi, natuluka tsitsi lake litawauka, mwanayo ali m'manja.

M'mawa mwake alonda a bwalo anamutengera kwa woweruza Mwandira.

"Mayi, mpanda munathyoladi?" anafunsa Mwandira.

"Ndinathyola, bambo. Ndikanalimbana ndi luzi, bwenzi lero tili pamaliro."

Chikaonda anagwada. "Wolemekezeka, mpandawo ndi wanga, ndipo ine sindikudandaula."

"Thabwa silifunsa zimenezo," anatero akuluakulu a bwalo. "Werengani, tizipita."

Mwandira anaimirira, nakhala pansi, naimiriranso. Anazungulira bwalo kawiri, thukuta lili kamukamu. Akayang'ana thabwa, mawu ake ndi omwewo. Akayang'ana mayiyo, matuza ali m'manja monse. Dzuwa linafika pamutu mlandu usanathe.

Kenako anaitanitsa sompho, nasema mawu atatu kumapeto kwa lamulo lija: "popanda chifukwa chomveka."

Bwalo lonse linaphulika.

"Chomveka kwa ndani?" anakalipa mkulu wina. "Mawa wakuba adzabwera ndi chifukwa chakenso!"

"Adzabweradi," anayankha Mwandira. "Ndidzamumvetsera, kenako ndidzagamula. Ndikalakwitsa, wolakwa ndidzakhala ine, osati thabwa."

Nangondo anabwerera kwawo. Koma Mwandira mtendere unamuthawa. Wina ankabwera nati anathyola mpanda pothamangitsa mbuzi, wina chifukwa cha njala, wina akunama maso ali gwa. Aliyense ankafunika kumumvera mpaka pamapeto, ndipo Mwandira anamera imvi chaka chisanathe.

Ndi chifukwa chake lero malamulo ambiri ali ndi timawu totere tosiyira woweruza mpata. Mukaona woweruza akuimitsa mlandu nakalowa m'chipinda yekha, musamati waiwala lamulo. Lamulo akulidziwa bwino. Chikumusowetsa mtendere ndi munthu amene wamusiya panjayo.