Nyemba Zisanu za Mzukwa Phinias

Magetsi akazima masana pa Rufunsa, makina a fotokope m'shopu yomwe amagulitsamo Cynthia amagona tulo, ndipo mpamene zilombo zimadzuka. Cynthia amakankhira maenvulopu pambali, n'kuyala chitenje pa kauntala, n'kutulutsa madayisi awiri ndi chitini cha nyemba. Posakhalitsa anzake atatu amatulukira ngati nyerere zanunkhiza shuga: Estina, Mordecai wokonza njinga, ndi Gershom. Onse atatu anali atamaliza giredi 12, ndipo masiku odikira zotsatira ankayenda ngati lole yolemedwa pa chitunda.

Masewera awo anali a pakamwa ndi pepala. Aliyense ankatenga pepala lofotokoza mwana wa sukulu yogonera komweko, sukulu yongopeka, koma mwanayo n'chilombo chobisala mu yunifomu. Cynthia ndiye ankasimba zochitika pa sukulupo, n'chifukwa chake ankamutcha ba Hedi, ngati mphunzitsi wamkulu. Enawo ankanena zimene munthu wawo wachita, madayisi n'kugamula ngati zatheka. Panalinso lamulo la nyemba. Munthu wako akachita chinthu chokhudza mtima wa mnzake, mnzakeyo ankaponya nyemba imodzi m'kabokosi kako ka machesi, ndipo tsiku lofuna kanthu kwa iye, nyembazo zinkawonjezedwa pa madontho a dayisi. Koma kabokosiko kanali ka munthu wa papepala, osati ka wosewera.

Estina ankasewera Dolly, mtsikana wosanduka nyalugwe akakwiya. Gershom ankasewera Phinias, mzukwa wamanyazi wokhala kuseri kwa laibulale, wosatha kunyamula ngakhale kapu. Mphamvu zake zinali kamphepo kozizira basi. Komatu ndi kamphepo komweko anafufuta mapazi a nyalugwe pa mchenga aphunzitsi asanawaone, anatsegula buku la Dolly pa tsamba lomwe linabwera pa mayeso, anamuumitsira misozi osamufunsa chomwe akulirira. Pa milungu isanu, nyemba zisanu zinalowa m'kabokosi ka Phinias, ndipo Estina poponya iliyonse sankayang'ana kabokosi ayi.

Zoona zake n'zakuti Gershom anamukonda Estina kuyambira giredi 10, koma akati alankhule, lilime linkasanduka chikwanje chobuntha. Tsono Estina anali woti kumapeto kwa mwezi anyamuka kupita kwa azakhali ake ku Ndola, ndipo Cynthia analengeza kuti masewera adzatha ndi dansi ya sukulu, Dolly n'kusankha womuvina naye. Gershom anapangana ndi mtima wake kuti pa dansi imeneyo adzanena zonse kudzera m'kamwa mwa munthu wa papepala, ndipo Estina adzamva yekha amene akulankhula.

Zikadatero, bwenzi nkhani ino ili yaifupi ndi yokoma. Koma Loweruka lina Cynthia anabwera ndi mapepala asanu ndi awiri atsopano, a zilombo zowonjezera, zomwe anazipeza pa foni n'kuzisintha kuti zikhale za kwathu kuno. Anawayala pa chitenje ngati zovala za salaula zongotsegulidwa kumene. Munthu wa papepala wa Mordecai, mnyamata wosanduka fisi, anali atachotsedwa sukulu sabata yathayo chifukwa chodya mbuzi ya aphunzitsi a masamu, choncho mapepalawo kwenikweni anabwera chifukwa cha iye. Koma amene maso anatuzuka ndi Gershom.

"Mwana wa Mphezi!" anawerenga mokweza. "Ba Hedi, onani chabe. Akalowa mu kilasi, tsitsi ya bonse iimilila. Uyu ndiye mwamuna, osati uja Phinias wamene akangiwa na kunyamula sipuni."

"Iwe, uganize bwino," anatero Cynthia. "Ukasiya Phinias, nyemba zisala na Phinias."

"Nyemba zisanu chabe? Na mphezi nizapeza teni pa sabata imodzi."

Estina anangokonza ngodya ya chitenje yomwe inali yokonzeka kale.

Mordecai anatola pepala la Phinias, lomwe linali litada m'mphepete ndi thukuta la zala, n'kugwedeza kabokosi kake pafupi ndi khutu. "Boyi, wataya zoona? Ine nazolowela ma sipeya akale. Nizamutenga."

"Tenga, mudala. Akusunge na kamphepo kake."

Mwana wa Mphezi analowadi pa sukulu ngati mvula yoyamba. Pofuna kudzionetsa kwa Dolly, Gershom anati awalitse thambo lonse pa nthawi ya chakudya. Madayisi anagwa moipa. Mphezi inatsika pa denga la holo, moto n'kunyambita makope onse a Dolly a chaka chathunthu.

"Manje nizawelenga chani?" anafunsa Estina, nkhope ili gwa ngati Dolly weniweni. "Phulusa?"

Mordecai anakanda mutu, n'kunena motsitsa kuti Phinias auzira kamphepo pa masamba omwe sanapse, awasonkhanitse pa khomo la Dolly. Nyemba inagwa m'kabokosi, kuti kho.

Munthu wanzeru akanakhala ndi mphezi yakeyo n'kupepesa, pakuti ngakhale wokuwotchera makope umamukumbukira. Koma Gershom anaona kuti vuto ndi pepala. Sabata yotsatira anabwera ngati Kalonga wa Ng'ona wa mu mtsinje wa Lunsemfwa, wa mawu okoma ngati uchi wa m'phanga. Anawerenga mbali ya mphamvu, mbali ya zofooka osaiona: kalongayo sakanatha kukhala kunja kwa madzi kupitirira ola limodzi. Masewera onse a tsiku limenelo anathera m'thanki ya sukulu, akuimba nyimbo zachikondi zomwe ankazimva ndi achule okha.

"Dolly apita pafupi na thanki?" anafunsa mwachiyembekezo.

"Nyalugwe na manzi?" anayankha Estina. "Awe mwandi."

Kenako anakhala Kamvuluvulu, mnyamata wothamanga kuposa basi ya ku Chipata. Ameneyu anati amubweretsere Dolly maluwa a kutsidya kwa phiri, koma pofika nawo anaulutsa zovala zonse za pa chingwe cha atsikana, siketi ya Dolly n'kukakodwa pamwamba pa mtengo wa mbendera. Mordecai anaseka mpaka kugwetsa mpando, koma atatha kuseka anati Phinias aitsitse pang'onopang'ono anyamata asanatuluke m'kalasi. Kho, nyemba ina.

Cynthia anamukokera Gershom pakhomo tsiku limenelo. "Mufana wanga, nikuuzeko. Sabata iliyonse Dolly akumana na mulendo. Azakonda bwanji munthu wamene sagona kawili pa sukulu?"

"Ba Hedi, sininapeze chabe wamene alinga. Uja wa last, uja wa mwezi, ndiye wamene."

Tsiku la dansi linali Lachisanu, dzuwa lili pamutu, magetsi atazima monga mwa nthawi zonse. Gershom anafika atavala shati yosita ndi makala, m'thumba muli pepala la mawu omwe anawalemba ndi kuwafufuta kwa masiku anayi. Munthu wake tsopano anali Mwana wa Mwezi, wokongola moti magalasi ankachita manyazi. Cynthia anasimba za holo yokongoletsedwa ndi mapepala a mitundumitundu, za Dolly ataima pafupi ndi zenera, diresi lake lachikasu, maso ake akuwala pang'ono ngati a chilombo chomwe anali.

Gershom anaimirira, natulutsa pepala lake. "Dolly, kuchokela tsiku lamene ninakuona..."

"Imilila," anatero Cynthia. "Lamulo ni lamulo. Kuti Dolly akumvele, ufunika teni. Madayisi na nyemba."

Gershom anagwedeza kabokosi ka Mwana wa Mwezi. Munali zii, ngati m'tchalitchi Lolemba. Anauzira madayisi, anawapempherera, anawaponya. Lina linaonetsa madontho atatu, lina limodzi.

Cynthia anayang'ana Estina, ndipo Estina anakweza nsidze mwaulemu wonse. "Pepani, ndimwe ba ndani? Ndimwe bamene munabwela kukonza thanki?"

Mordecai anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Itafika nthawi yake anaponya mosasamala, madayisi n'kumupatsa madontho atatu okha. Koma atakhuthula kabokosi ka Phinias, nyemba zisanu ndi ziwiri zinagubuduzika pa chitenje: ziwiri zake, zisanu zija za Gershom.

"Phinias akamba chani?" anafunsa Cynthia.

Mordecai analibe pepala m'thumba. Anaganiza pang'ono. "Akamba ati, Dolly, sininganyamule kwanja yako, koma ukavina nizakupepelela kuti usapye."

Estina anaseka, kuseka kwenikweni kochokera pansi pa mtima, kuja Gershom anakhala akukulota zaka zitatu. "Tiye tivine, chimuzukwa changa," anatero.

M'mawa mwake anamuperekeza Estina pa siteji ya mabasi m'mbali mwa msewu waukulu. Mordecai anamangirira chikwama cha mtsikanayo pa njinga, natsogola nacho. Gershom anatsalira m'mbuyo ndi Estina, pepala lija likadali m'thumba, litafewa ngati tsamba la fodya.

"Estina, ine zija nenze nifuna kukamba..."

"Niziba," anamudula mofatsa. "Nenze niziba kuchokela pa nyemba yoyamba. Uganiza nenze nipatsa pepala? Nenze niyembekeza chabe kuti Phinias atsilize mau yake. Manje iwe unamusiya pa kauntala monga fotokope yolakwika."

"Nikamutenga futi?"

"Ali na mwine wake manje." Anayang'ana kutsogolo, kumene Mordecai ankakangana ndi kondakitala za malo a chikwama. "Ati azanitumila foni pa Sondo. Uja akakamba Sondo, ni Sondo."

Basi inaliza hutala, inameza Estina ndi diresi lake, n'kuzimiririka kumadzulo pa msewu wa ku Lusaka. Gershom anabwerera ku shopu. Anapeza magetsi atayaka, makina akulira, Cynthia akusonkhanitsa mapepala anayi aja, mphezi, ng'ona, kamvuluvulu ndi mwezi, onse oyera ngati sanagwidwepo.

"Pasala atatu yamene sunayese," anatero Cynthia osamuyang'ana. "Nikupatse?"

Gershom anatambasula dzanja mwachizolowezi, kenako analibweza n'kulibisa m'thumba.

Mapepala aja analibe mlandu. Mphezi ikanatha kupepesa, ng'ona ikanatha kuphunzira kuyenda pa mtunda, ndipo aliyense wa iwo akanakolola nyemba zake akanapatsidwa masabata oti azike mizu. Koma Gershom anali ndi nthambi yakupsa kale m'manja, naisiya kuti agwire yowala, nayonso naisiya ataona ina, mpaka manja onse awiri anagwira mphepo, yomwe ngakhale Phinias ankadziwa kuigwiritsa ntchito bwino kuposa iye. Akuluakulu anaziona kale zoterezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.