Mfundo za Nyani Nenani

Kalekale, dziko lidakali lanthete, nyama zinkavula zikopa zawo monga timavulira malaya ifeyo. Chikada, kuchapa. Chikang'ambika, kusoka. Baya kaye singanoyo pansalupo, mphwanga, umve bwino.

Masiku amenewo kunali nyani wina dzina lake Nenani. Amene anamutcha dzinalo sanaphonye. Nenani ankakonda misonkhano kuposa chimanga chachiwisi. Mvula ikachedwa, msonkhano. Mvula ikagwa, msonkhano wofufuza chimene yagwera. Kambuku akagwira mwana wa nyani, msonkhano, n'kumanga mfundo yakuti Kambuku asiye khalidwe limeneli. Koma Kambukuyo pamsonkhanopo sankakhalapo.

Misonkhano yonseyi inkachitikira pathanthwe. Tsono thanthwe silidziwa kuti uyu ndi wapampando. Kukhala, kusuntha, kukhalanso, chikopa cha Nenani chinayamba kuperepeseka kumbuyoku. Tsiku lina akuti adzuke atsindike mawu, chinangoti kwee!

Likanakhala tsiku wamba, bwenzi atangoseka. Koma Nenani anali atafunsira mbeta kutsidya kwa mtsinje, Nasimango, mwana wa a Pusi. Ankamukonda zenizeni mtsikanayo, moti akamuona mawu ankamuthera, chinthu chimene sichinkachitika kwina kulikonse. Ndipo tsiku lokaonekera kwa apongozi linali pafupi. Mkamwini akafika pamaso pa apongozi amanjuta n'kuomba m'manja. Nanga unjuta bwanji kumbuyo kuli pululu?

Nenani ananyamuka ulendo wa kwa Nungu. Nungu ndiye anali mwini masingano, ankayenda nawo pamsana. Anali mayi wosachedwa kupsa mtima, ndipo mawu ankaumira ngati mchere.

"Odi kuno, mayi!"

"Lowa. Bwanji ukuyenda chammbali ngati nkhanu?"

"Mayi, ndabwera ndi nkhani zingapo. Yoyamba, ndithokoze chifukwa cha mwayi umene mwandipatsa..."

"Tembenuka."

Nenani anatembenuka.

"Ndaiona nkhani yako. Ndi imodzi."

"Ndiye mundisokereko, mayi."

"Ine kumbuyo kwa mwamuna wa eni sindigwirako. Ndikuphunzitsa, ukasoke wekha."

Nungu anazula singano imodzi pamsana pake. Analowetsa ulusi, zala zake n'kupota kumapeto kwa ulusiwo mwachangu, monga achitira anthu ozolowera, manja kugwira ntchito mwini wake asakudziwa. Nenani sanaone. Anali kalikiliki kuthokoza.

Nungu anatola sanza ziwiri. "Ona. Chong'ambika chili ndi milomo iwiri. Ikumanitse, ilingane. Singano ilowere kuseri, itulukire kuno. Ulusi ukwere pamwamba pa milomoyo, uikulunge, singano ikalowerenso kuseri komwe kuja. Usasinthe mbali." Ndipo anayamba kuimba chapansipansi:

Boola kuseri,
tulukira kuno,
kulunga milomo,
bwerera kuseri.

Nenani analandira singano. Anaboola kuseri, n'kutulukira m'chala chake.

"Mayo ine!"

"Singano salankhula nayo. Amaiyang'ana."

Anayesanso. Anaboola apa, n'kukaboolanso uko, patali.

"Pamenepo nkhuku ikhoza kudutsa ndi anapiye ake. Yenda mapazi aang'ono, ofanana."

Anayesanso. Ulendo uno anakoka ulusi ndi mphamvu zonse, sanza ija n'kukwinyika.

"Sukukoka ng'ombe. Koka mpaka milomo ipsopsonane, basi."

Boola kuseri,
tulukira kuno,
kulunga milomo,
bwerera kuseri.

Ndisamunamizire Nenani, manja anali nawo. Dzuwa lisanapendeke, msoko wake unayamba kuoneka, timizere tofanana titagona chopendekera m'mphepete mwa sanza. Atafika kumapeto, Nungu anamulanda sanzayo, zala zake n'kupotanso mwachangu, n'kudula ulusi ndi mano. Nenani sanaonenso. Anali akufotokoza mmene akusangalalira.

Pomupatsa singano ndi ulusi woti apite nazo, Nungu anati, "Chatsala chimodzi, ndipo ndicho chachikulu. Usanayambe kusoka, manga mfundo. Ukamaliza, manganso mfundo. Popanda mfundo palibe msoko. Bwera ndikuonetse."

Nenani anaseka mpaka mano onse kuonekera. "Mfundo? Aa, mayi, pamenepo pokha musavutike. Ine ndakulira pomanga mfundo. Kwathu kuphiri kulibe mfundo imene inamangidwa ine palibe."

Nungu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chabwino," anatero, n'kulowa kuuna kwake.

Atafika kuphiri, Nenani anakwera pathanthwe n'kukuwa. "Hoo! Hoo! Msonkhano! Mutu umodzi susenza denga!"

Anyani onse anasonkhana. Atsibweni ake a Nenani, nkhalamba ya imvi imene inalinso nkhoswe yake, anakhala kutsogolo. Nenani anaima chopanikiza miyendo, n'kufotokoza kuti mwini masingano walamula kuti asanasoke pamangidwe mfundo.

"Mayi ameneyo ndi wanzeru," anatero atsibweni. "Akudziwa kayendetsedwe ka zinthu."

Nkhani inayamba. Wina anati mfundo ikhale yakuti ulusi usamasuke. Wina anati ayi, ulusi sumasuka, umasololoka. Anyani anagawikana pawiri, a kumasuka uku, a kusololoka uko. Analozana zala. Ena anakumbutsana za agogo awo. Dzuwa likupendeka, atsibweni anagamula kuti mawu onse awiri alowe. Mfundo inamangidwa: ulusi wa Nenani usamasuke, ndiponso usasololoke. Manja anaombedwa mpaka mapiri kuyankha.

M'mawa mwake Nenani anabisala kuseri kwa chitsamba, n'kuvula chikopa chake. Anakumanitsa milomo. Anaboola kuseri, anatulukira kuno, anakoka. Ulusi wonse unatsatira singano, sololo, n'kutuluka.

Anaboolanso. Sololo.

Anaboolanso. Sololo.

"Hoo! Hoo! Msonkhano!"

Atsibweni anamva dandaulolo akugwedeza mutu. "Vuto ndaliona, mphwanga. Ulusiwu pamsonkhano paja panalibe. Ungatsatire bwanji mfundo imene sunaimve?"

Anautenga ulusi uja n'kuugoneka pakati pa bwalo. Anauuza mfundo yonse, mawu ndi mawu. Anaufunsa ngati uli ndi chonena. Ulusi unangoti chete.

"Wavomera," anatero atsibweni.

Nyani wina wamkazi, amene ankayamwitsa mwana kumapeto kwa thanthwe, anakweza dzanja. "Bwanji osangobwerera kwa Nungu kukafunsa kuti mfundo yake ndi yotani?"

Anamuthokoza kwambiri chifukwa cha maganizo abwinowo, n'kugwirizana kuti adzawakambirane pamsonkhano wotsatira. Paja amati safunsa anadya phula.

Nenani anabwerera kuchitsamba. Anaboola, ulusi n'kuyambanso kusololoka. Apo anapsa mtima, n'kuponda mchira wa ulusiwo ndi chala cha kuphazi. "Khala pomwepo, ukumbukire zimene unavomera!" Ulusi unakhaladi. Nenani anati mumtima, waona, umafuna kukumbutsidwa.

Boola kuseri,
tulukira kuno,
kulunga milomo,
bwerera kuseri.

Anasoka mpaka kumapeto, n'kudula ulusi ndi mano. Msoko wake unali wokongola, mphwanga, woposa wakowu. Anavala chikopa mosamala n'kukaitanitsa msonkhano wotsekera, pakuti Nungu anati ukamaliza umangenso mfundo. Inamangidwa. Inali yofanana ndi yoyamba ija, kungoti anawonjezerapo mawu akuti mpaka kalekale.

Tsono anyani ena aja nawonso anali okhalira thanthwe lomwelo. Uyu poperepeseka, uyu pong'ambika, uyu kabowo. Ataona msoko wa Nenani, onse anasirira.

"Tiphunzitseni, aphunzitsi!"

Wophunzira wa dzana, lero aphunzitsi. Nenani anawaika pamzere, n'kuwaimbitsa nyimbo ya Nungu ija ngati waipeka yekha. Amene chikopa chake chinali chisanang'ambike anachita kuching'amba dala, kuopa kutsalira. Phiri lonse linasoka. Aliyense anaponda mchira wa ulusi ndi chala, ndipo aliyense anamumangira mfundo ziwiri pathanthwe, yoyambira ndi yomalizira.

Tsiku lija linakwana. Anyani anati sangamusiye mphunzitsi wawo kupita yekha, onse amuperekeza. Anatsika phiri. Anawoloka mtsinje podumpha miyala. Mwala uliwonse umene ankadumpha, ulusi unkasuntha pang'ono, koma nyani saona kumbuyo kwake.

Kwa a Pusi anawalandira bwino. Anawayalira mphasa pabwalo. Bambo a Nasimango ndi akuluakulu a mudziwo anakhala kutsogolo kwa alendo. Nasimango anaima pakhomo la nyumba, akusuzumira mwamanyazi, mtima uli m'malere.

Tsono mwambo umati mpongozi wamkazi asayang'anizane maso ndi mkamwini wake. Choncho mayi a Nasimango, posunga mwambo, anazungulira n'kukakhala kumbuyo kwa alendowo, akupeta mapira. Anasankha malo oipa, mayi a eni.

Atsibweni anatsokomola. "Tipereke ulemu."

Anyani onse pamodzi ananjuta.

Sololo! Sololo! Sololo!

Ulusi unathawa m'mabowo ake, bowo ndi bowo, kuyambira kwa Nenani mpaka kwa nyani wakumapeto. Zikopa zinayasama.

Nenani ananong'oneza, "Atsibweni, kumbuyoku kukuzizira."

"Sizingatheke. Tinamanga mfundo."

"Komatu mphepo ndikuimva."

"Mphepoyo ikulakwitsa. Omba m'manja."

Anaomba m'manja. Kumbuyo kuja kunamveka mfuu. "Kalanga ine! Maso angawa aona zotani!" Mayi a Nasimango anataya mapira n'kudziphimba kumaso ndi lichero.

Anyani, pokhala aulemu, anatembenuka onse kuti apepese kwa mayiwo. Potero analozetsa kumbuyo kwawo kwa bambo a Nasimango ndi akuluakulu onse.

"Aaa!" anakuwa akuluakulu.

Anyani anatembenukanso kuti apepese kwa akuluakulu. Mayi aja anali atangochotsa lichero kumaso.

"Mayo! Kachiwirinso!"

Ana a m'mudzimo anagubuduka ndi phwete. Agalu anauwa. Nenani anakhala pansi msangamsanga, n'kukweza dzanja. "Apongozi, ndipemphe kuti tonse tidekhe. Nkhaniyi tiikambirane, timange mfundo..."

Apo Nasimango anatuluka pakhomo paja. Sankaseka. Misozi inali m'masaya, pakuti nayenso ankamufuna Nenani.

"A Nenani, ndikufunseni. Chisanu chikadzafika, chofunda cha mwana wathu chitang'ambika, mudzatani?"

"Tidzakhala pansi, mayi, ndipo tidzamanga mfundo yakuti..."

"Mfundo zanuzo mukafunde nokha."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ukwati unathera pamphasa pomwepo.

Anyani anatuluka m'mudzimo chobwerera m'mbuyo, manja ataphimba pong'ambika. Nenani anayenda njira yonse akulira, ndipo ine ndimamumvera chisoni, chifukwa msoko ankautha. Chinamusowa ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya therere, koti akanangopinda ulusi n'kulowetsa nsonga yake m'kati n'kukoka.

Ukuganiza kuti anabwerera kwa Nungu? Ayi ndithu. Anayamba ndi msonkhano wofufuza wolakwa. Ena anati ndi Nungu, anabisa nzeru. Ena anati ndi ulusi, unavomera ndi pakamwa pokha. Ena anati ndi mtsinje. Atsibweni anati ndi apongozi, anakhaliranji kumbuyo? Anasankha kagulu kofufuza, kaguluko n'kusankhanso kagulu kena. Singano palibe anaitola.

Akukambirana choncho, milomo ya zikopa ija inauma n'kupindikira kunja. Dzuwa linawotcha mnofu mpaka kufiira, thanthwe n'kuuumitsa gwa. Nyengo yovula zikopa inatha, chikopa cha nyama iliyonse n'kumatirira pathupi monga chinalili tsiku limenelo. Anyani chinawamatirira chong'ambika.

Ukawaona lero atakhala awiriawiri, wina akufunyulula ubweya wa mnzake, usati akufuna nsabwe zokha. Akufunafuna nsonga ya ulusi uja.

Pamsonkhano wotsiriza, nyani wina anayang'ana kumbuyo kwa mnzake n'kuyamba kuseka. Mnzakeyo anati, "Ukuseka chiyani? Tatembenuka tione kwako." Inatsala pang'ono kubuka ndewu. Pamenepo Nenani anaimirira, wofooka, mawu ochepa kwa nthawi yoyamba. Anati, "Abale anga, tonse tili chimodzimodzi. Timange mfundo yakuti tisamasekane."

Inamangidwa. Ndipo mwa mfundo zonse zimene anyani anamanga chilengedwere, imeneyi yokha ndiyo inagwira. N'chifukwa chake mpaka lero anyani sasekana zikundu.

Wamva, mphwanga? Mfundo ya pakamwa sigwira ulusi. Ndipo wokuphunzitsa akati bwera ndikuonetse, pita ukaone, ngakhale mawuwo ukuwadziwa. Tsono tola singano yakoyo. Tandionetsa kumapeto kwa ulusiwo. Ehe, ndinadziwa ine. Manga kaye.

Nthano yanga ndaimangira mfundo, yathera pomwepo.