Mafulashi m'lichero la a Nasibeko

Akuluakulu akuuzani kuti mwambi umene ndikufotokozereniwu ndi wamakedzana. Sinditsutsana nawo. Koma kwathu ku Kampepuza, ana inu, ine ndinauona ukubadwa, ndili ndi khanda kumbuyo.

Pamsika pathu panali mayi wina, a Nasibeko, amene anali ndi kachipinda ndi kompyuta imodzi. Ntchito yawo inali kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemori. Kuyambira pachiyambi amuna ena sizinkawasangalatsa. A Kamtedza, oonetsa mpira pakhomo loyandikana nawo, ankanena poyera kuti kompyuta si mbaula, ndipo kachipindako akadzakalephera adzakatenga iwo.

Tsono m'kompyuta muja munalowa vayirasi. Munthu ankabwera ndi fulashi yodzaza nyimbo, pofika kunyumba n'kupeza mayina okha, nyimbo zitabisika. Akwaya anadandaula, oyendetsa njinga zakabaza anatukwana. Posakhalitsa anthu anayamba kulambalala khomo lija, ndipo ana ankakuwa kuti kwa a Nasibeko kumadyedwa nyimbo.

A Kamtedza anabwera akumwetulira, manja kumbuyo.

“Achemwali, ndigulitseni chitsulochi chisanakuchititseni manyazi ena. Mandasi sagwidwa ndi vayirasi.”

“Mandasiwo kakazingeni inuyo, achimwene,” anatero a Nasibeko. “Ine muno sindituluka.”

Kusekondale kunali mphunzitsi wamkazi, a Lizineti, amene Loweruka ankayenda ndi anzawo kuthandiza anthu pa za makompyuta osalipiritsa. A Nasibeko anakawagwadira. A Lizineti anabwera, anatsuka kompyuta ija mpaka inayera, nyimbo zonse n'kuonekeranso. Sabata isanathe, matenda anabwerera. Anadzatsukanso. Matenda anabwereranso. Kachitatu a Lizineti anakhala pampando osagwira chilichonse, n'kufotokoza kuti iwo akamachoka kompyuta imakhala ilibe kanthu, koma vayirasi imabwerera m'matumba mwa anthu. Fulashi iliyonse imene inalowapo muno inanyamula, ndipo ikadzalowanso imadzasiya. Anati okha sangathe, pokhapokha mafulashi a msika wonse atatsukidwa tsiku limodzi.

Apa ndiye panalimba. Akazi anavomera msanga, koma amuna anakana. Wina anati yake ndi yatsopano, wina anati inatayika. Ife tinkadziwa kuti ena akuopa kuti aphunzitsi aona zimene anasungamo. A Lizineti analonjeza kuti satsegula chithunzi cha munthu ngakhale chimodzi, koma amuna anangoseka, a Kamtedza akutsogolera.

A Nasibeko sanachonderere. Anapita kumjigo kumene timachapira, naima pakati pathu.

“Amayi anzanga, amene amapisa m'matumba a mathalauza asanawanyike m'madzi ndani?”

Tinayang'anana, kenako tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Palibe mwamuna amene amakumbukira kuchotsa fulashi m'thumba. Timazipeza ndife, pamodzi ndi zotokosera m'mano, n'kuziika pawindo.

Loweruka linalo linali tsiku lochapa lalikulu kuposa onse amene ndinaonapo. Ngakhale thalauza lovalidwa dzulo lake linavulidwa kuti lada. A Nasibeko anaika lichero pakhonde, ndipo mayi aliyense pobwera ankamanga ulusi wa mtundu wake pa fulashi ya kwawo kuti isasokonekere. Lichero linadzaza. A Lizineti anabwera ndi anzawo, aliyense ndi laputopu yake, n'kukhala pamkeka kutsuka imodziimodzi, ife tikulandizana.

Dzuwa litapendeka anatulukira a Kamtedza atavala kabudula, chifukwa mathalauza awo onse anali pachingwe. Akazi awo, a Nangozo, anali atabweretsa mafulashi odzaza chikhatho, ndipo onse anapezeka ndi matenda. Bamboyo anakalipa kuti uku ndi kuba, ndipo akawauza apolisi.

A Nasibeko anatola mafulashi aja, ulusi wofiira uli lendelende, n'kuwaika m'manja mwawo.

“Landirani, achimwene, achira. Nsabwe za m'kompyuta zimene munkati ndi zangazi zinali m'thumba mwanu momwe. Ndinalimbana nazo ndi chala chimodzi, inu mukuseka. Lero ndabwera ndi zala zonse za pamjigo.”

A Nangozo anaonjeza kuti ngati akupita kupolisi adikire kaye thalauza liume. A Kamtedza anabwerera kwawo, mafulashi ali m'manja.

Asananyamuke, a Lizineti anakonza kompyuta ija kuti fulashi iliyonse iziyamba yaunikidwa isanatsegulidwe. Vayirasi sinabwererenso, ndipo kachipinda kaja mpaka lero n'ka a Nasibeko.

Kuyambira pamenepo kwathu timati, “Chala chimodzi sichiswa nsabwe.” Yesani nokha: nsabwe mukaidinikiza ndi chala chimodzi imangoterereka, imafuna zikhadabo ziwiri zikumane. Ndiye kuti vuto loyenda pakati pa anthu ambiri silithetsedwa ndi munthu mmodzi, ngakhale akhale wodziwa ngati a Lizineti kapena wolimba mtima ngati a Nasibeko. Likakugwerani, musatseke chitseko chifukwa ena akuseka. Funani chala china, ndipo chikakana, pitani kumjigo.