Mleme ndi Kamwana Kake Kamodzi

Kalekale, nyama zikadayankhula, mitambo ikadatsika kudzamwa madzi padambo, panali mkuyu waukulu. Tili tonse eti? Zouluka zonse zinkagona mmenemo mpaka nthambi zinachepa. Ndiye zinapangana kuti mtundu umene ukuchuluka ukhale, umene ukutha usamuke. Woweruza anali a Bilimankhwe, aja diso lina limayang'ana kumene tachokera, lina kumene tikupita.

Mleme atamva, mtima unangoti myuu. Iye ankabereka kamwana kamodzi pachaka, kamodzi kokha basi, n'kumauluka nako pachifuwa. Akapita kuti nako? Anachita mantha kwambiri.

Mvula itagwa, a Bilimankhwe ananyamuka, nyang'anyang'a, kuyendera azimayi. Kwa Nkhanga anapeza mazira mbwee. Komatu Nkhanga, dyera lakelo, anali atakunkhunizira m'chisa mazira ena otola kumchenga kuti aoneke ochuluka. Kwa Njiwa anapeza awiri. Kwa Mleme anapeza kamwana kaja, katakakamira pachifuwa. Nkhanga anaseka mpaka misozi, nauza Mleme kuti ayambiretu kutsanzika.

A Bilimankhwe sanagamule. Anangoti adzabweranso.

Chimanga chitacha, anabweradi, nyang'anyang'a. Funso linali lina tsopano: aja munabereka aja ali kuti? Njiwa anati ake anakula bwino, koma anakwatiwa kutsidya ndipo sabwerera. Nkhanga anangoti zyoli. Abale inu, mazira otola aja anali a Ng'azi! Tiana ta ng'azi titaswa, tinadya anapiye a Nkhanga, n'kutsala owerengeka. Mleme anangofunyulula phiko, kamwana kali gone.

A Bilimankhwe sanagamulebe.

M'chilimwe, fumbi lili kobo, anabweranso kachitatu. Anakwera mpaka panthambi ya Mleme, natembenuza diso lakumbuyo lija.

"Mayi, awa alendewera pambali panuwa ndani?"

"Amenewa ndi amayi anga," anayankha Mleme. "Awo ndi azakhali. Awa ndi ana anga a zaka zam'mbuyo, ndipo aakaziwo ali kale ndi awo pachifuwa."

A Bilimankhwe anatembenuza diso lakutsogolo. Anaona ngati kumaloto mkuyu wonse uli bii, mileme ili lende lende ngati nkhuyu zakupsa, mibadwo imene inali isanabadwe.

"Inu simusamuka," anatero. "Mumabereka pang'ono, koma mumabereka chaka ndi chaka, anawo amakula, ndipo sachoka."

Mleme analira ndi chimwemwe, misozi n'kumatsikira kumphumi poti anali chadodolido. Koma Nkhanga, poti mtundu wake ndiwo unkatha, zouluka zinzake zinangomusiyira kanthambi kamodzi kogonapo usiku. Mpaka lero amangoyenda pansi m'tchire, kuitana ana ake aja.

Choncho anthuni, pofuna kudziwa ngati mtundu ukukula, musamangowerenga obadwa. Funsaninso amene akula, amene amwalira ndi amene asamuka. Kaphuleni mbatata ija isanapserere, nthano yanga yathera pompa.