Tiana Tomwe Sitinali Tamasiye

Panali munthu wina amene anapita kukagwira ntchito kudziko lozizira, kumalo osungirako nyama. Ankatchetcha udzu pafupi ndi khola la chimbalangondo choyera, chija cha kumadzi oundana.

Chimbalangondocho chinabereka. Chinabindikira m'phanga miyezi, osadya, chikungoyamwitsa mpaka kuonda. Chitatuluka, ana ake sankachoka pamapazi pake. Munthuyo ankaima n'kumachiyang'ana, nati mumtima, "Mayi weniweni ndi ameneyu."

Tsiku lina akutchetcha anapeza kadzenje kofunditsidwa udzu ndi ubweya. Munali tiana ta kalulu wakutchire, uja wa mchira woyera ngati thonje. Tinali tisanaphenye n'komwe. Anadikira, mayi wake osaoneka. Masana anabweranso, koma kunali zii.

"Nayenso amayamwitsa ngati chimbalangondo," anatero, "koma taonani, wataya ana."

Anatiika m'chipewa napita nato kunyumba.

Mkazi wake atationa anafunsa, "Kodi bambo, wakuuzani ndani kuti n'tamasiye? Timimbatu n'tokhuta."

"Mayi wosamala sasiya ana tsiku lonse," anayankha.

Anatimwetsa mkaka wa ng'ombe ndi kasupuni. Tina tinakana, tina tinatsamwa. Kutacha, tonse tinali titauma.

Munthuyo analawirira kuntchito mtima ukumuwawa. Atayandikira pamalo paja, anaona kalulu ali pakadzenje. Ankanunkhiza, kufukula udzu, kuzungulira, n'kubwereranso pomwepo. Mawere ake anali odzaza. M'mawa mwake kaluluyo anabweranso, nafukulanso.

Pamenepo munthuyo anazindikira. Chimbalangondo chimakhala ndi ana ake poyera chifukwa chili ndi mphamvu zowatchinjiriza. Kalulu alibe zikhadabo zomenyera nkhondo. Akakhala pachisa, kabawi amuona n'kupeza ana. Choncho amabisala patali, n'kumabwera mozemba kudzayamwitsa kukamacha ndi kukamada.

Munthuyo anakhala pansi pamame, chikwakwa chili pamiyendo. Analibe choti n'kumubwezera.

Inu amene mukumva, pakati pathu pali amayi amene amatuluka mbandakucha kukagulitsa masamba kapena kukachapa kwa eni, ana n'kutsala okha. Timawanena pachitsime, ena mpaka timafuna kuwalanda anawo. Musanatambasule dzanja, yambani mwafunsa kumene mayiyo wapita ndi chimene chamupititsa kumeneko. Chifundo chosafunsa chimapha.