Nkhokwe Imene Anapatsa Nankafumbwe

Kalekale kunali dziko laling'ono lotchedwa Kachikhatho. Kuchepa kwake, tambala akalira pakati pa dzikolo, odzuka anali anthu a maiko oyandikana. Mbuzi ikadula chingwe, mwini wake ankakaifuna ndi chiphaso.

Dzikolo linali ndi nkhokwe imodzi ya onse. Pokolola aliyense ankathiramo. Njala ikafika pakhomo, kapena mvula yodzalira ikayandikira, aliyense ankatapamo.

Kumeneko kunali mayi wamasiye, dzina lake Nasimango. Chaka china anathiramo madengu asanu ndi awiri. Asanu ndi awiri, ndatero. Cha mwini sichiiwalika, monga lichero langa lija, Nagama, likadali kwanu. Ndipo popeza khitchini yake inali itagwa ndi mphepo, anaikamonso zimanga zitatu zambewu zosiya amayi ake, zakuda bii ndi mwaye.

Tsiku lina kunatera ndege. Mphuno yake inali m'Kachikhatho, mchira uli dziko lina. Munatuluka katswiri wa zachuma wochokera kutsidya la nyanja, amene anthu anangomutcha Chikwatu chifukwa cha chikwama chimene sankachisiya ngakhale popita kuseri. Nduna ya Chuma, bambo Kamtedza, inamulandira ndi manja awiri.

Chikwatu anazungulira nkhokwe kamodzi, kawiri, katatu.

"Chimangachi chikutani muno?"

"Chikudikira njala, bwana," anatero a Kamtedza.

"Chimanga chodikira ndi chimanga chaulesi. Cha onse sichipindula. Pezani mwini mmodzi wochidziwa bwino."

Analengeza pa wailesi. M'mawa mwake kunabwera Nankafumbwe, atavala jekete.

"Ine chimanga ndimachidziwa mpaka mkati," anatero. "Mundikhululukire msonkho zaka khumi, mulole abale anga adzandithandize ntchito, basi."

Nasimango anakweza dzanja. "Pepani a Nduna, nanga ife othiramo tipindulanji?"

Anayankha ndi Chikwatu. "Zonse zogwa pansi ndi zanu, mayi. Wapamwamba akakhuta, wapansi amalandira."

Anthu anaomba m'manja, poti mawuwo anamveka ophunzira.

Abale a Nankafumbwe anabwera: amalume, azakhali, adzukulu a adzukulu. M'nkhokwe munayamba kumveka kukutu, kukutu, kukutu. A Kamtedza ankaika khutu pakhoma n'kumwetulira. "Mukumva? Chuma chikukula chimenecho." Azimayi anayala zitenje pansi pa nkhokwe, n'kumalandira fumbi. Fumbi la sabata yathunthu linkakwana phala la mwana mmodzi, mwanayo akhale wosadyaidya.

Mitambo inayamba kusonkhana. Mizere ya Nasimango inali yolimalima, koma mbewu analibe. Akaphonya mvula yoyamba, ana ake anayi adzadya chiyani chaka chamawa?

Anapita kunkhokwe ulendo woyamba. Anapeza mpanda ndi geti.

"Ndadzatenga mbewu yanga."

"Kufunsa ndi dzira limodzi," anatero mlonda.

Anapereka dzira.

"Yankho nalo ndi dzira limodzi."

Anabwerera.

Ulendo wachiwiri anapita kwa Nduna. Anapeza Chikwatu ali ndi sikelo. Chikwatuyo anayeza anthu onse, nthiti zili pamtunda. Anayeza anankafumbwe onse, mimba zili phwii. Anaphatikiza, anagawa, anaseka.

"Uthenga wabwino, mayi! Tikawerengera pamodzi, aliyense m'dziko muno wanenepa ndi theka la kilo."

"Zikomo bwana. Theka langalo lili ndi yani? Ndikufuna ndikalitenge lero."

"Zimenezi n'zozama, mayi. Munalekeza kalasi yanji?"

"Ndinalekeza pamene ndinadziwa kuti asanu ndi awiri si fumbi."

Anamutulutsa.

Ulendo wachitatu, mabingu akugunda kale kumapiri, Nasimango anabweranso kwa Nduna, n'kugwada mwaulemu pamaso pa Chikwatu.

"Bwana, ine wosaphunzira, ndiphunzitseniko. Lamulo latsopanoli likuti chiyani?"

Chikwatu anakondwa. "Msika ndi waufulu. Wodziwa kudya adye. Boma lisalowerere."

"Khutu langali ndi lovuta. Mwati boma litani?"

"Lisalowerere."

"Inunso a Nduna mukutero?"

"Lisalowerere!" anatero a Kamtedza, akumenya tebulo.

Nasimango anapita kwawo. Anatsegula khola, anatsogoza thadzi lake ndi anapiye khumi ndi mmodzi. Anaitana anzake, nawonso anatsegula makola. Nkhuku za dziko lonse zinandanda pamsewu, abakha ali m'mbuyo. Pageti, thadzi linaikira mazira awiri, la funso ndi la yankho, mlonda n'kutsegula.

Ana inu, mukanaona! Jompho apa, jompho apo, jompho pamwamba. Amalume anapita, azakhali anapita, adzukulu anamezedwa ali kukamwa kodzaza. Nankafumbwe mwini anakwera padenga la nkhokwe, jekete lili m'manja.

"A Nduna! Boma lilowerere! Ndikagwa ine, chuma chagwa! Ndipulumutseni ndi ndalama za anthu!"

A Kamtedza anayamba kuvula nsapato kuti akwere. Nasimango anawagwira malaya.

"Pepani bambo. Katatu mwanena, inu ndi mlendo wanu, kuti lisalowerere, ndawerenga."

Tambala anaulukira padenga n'kumaliza nkhaniyo.

Anthu atasuzumira m'nkhokwe, anapeza makoko okhaokha, chimanga chilichonse chili ndi zenera. Koma pansi penipeni panali zimanga zitatu zakuda bii, zosakhudzidwa. Anankafumbwe anali atazikankhira pambali chifukwa cha kuwawa kwa mwaye, n'kulembapo kuti zosagulitsika.

Nasimango anazitong'ola pomwepo. Anagawira azimayi anzake njere zowerengeka aliyense, zotsala anakadzala madzulo omwewo mvula ikuyamba kudontha. Zinamera. Chaka chimenecho anthu anapulumukira mazira, poti nkhuku zinali zitanenepa ndi madengu a anthu. Nasimango ankati akaswa dzira amanena kuti, "Dengu langa lachinayi ili."

Chikwatu anakwera ndege yake. Kwawo anakalemba kuti malangizo ake atukula ulimi wa nkhuku ku Kachikhatho, ndipo anamukweza paudindo. Akuti pano akuzungulira nkhokwe ya dziko lina.

Phunziro lake nali, ana inu: wokuuzani kuti muyale chitenje pansi mudikire zogwa, muyambe mwafunsa kuti akudya pamwambayo ndani, ndipo akudya za yani.

Nthano yanga ndaitong'ola yonse, chatsala ndi chitsononkho. Nagama, lichero lija mawa.