Chizimalupsa cha Sankhani

Ana inu, ena adzakuuzani kuti mwambi uwu woti kuthamanga sikufika ndi wakalekale. Asiyeni. Ine mphunzitsi wanu ndikuti unabadwira pa Nathenje, pakhonde la malo ometera tsitsi.

Pamenepo pankakumana achinyamata asanu okonda masewera a nkhondo a pafoni. M'masewerawo magulu awiri amalimbana, lililonse likuteteza nsanja zake ndi likulu lake, ndipo wagwetsa likulu la mnzake ndiye wapambana. Vuto linali loti foni inkalankhula Chingerezi chokhachokha, ena mwa iwo n'kumangomva phokoso. Choncho Mwandida, mtsikana wofatsa amene ankatsogolera gululo, anayamba kupatsa chilichonse dzina la Chichewa. Njira zitatu za m'bwalo anazitcha mizere. Kubisalira mdani anati uvembe, ngati wa mlenje.

Mkangano unabuka pa mawu amene foni imakuwa munthu woyamba akaphedwa, otanthauza magazi oyamba. Sankhani, mnyamata wa zala zachangu koma wodzimva, ankafuna akhale “chipambano”, poti nthawi zambiri wopha woyambayo ankakhala iyeyo. Mwandida anakana. Anati dzina lake ndi chizimalupsa, mvula ija imagwa dzinja lisanafike, yongozimitsa moto wa m'tchire.

“Imasangalatsa, achimwene,” anatero, “koma wobzala nayo amataya mbewu.”

Sankhani anaseka, nati nkhani za kumunda zisalowe m'foni.

Linafika Loweruka limene anakumana ndi gulu la ku Kamphata. Opambana ndiwo ankapita ku mpikisano waukulu ku Lilongwe, ulendo umene anawo anaulota chaka chonse. Masewera atangoyamba, Sankhani anagwetsa mdani mmodzi. Foni inakuwa, oonerera anaomba m'manja, mnyamata mutu unakula. Ataona mdani wina wovulala akuthawa, anasiya mzere wake n'kumulondola.

“N'chizimalupsa chabe icho, bwererani pamzere,” anatero Mwandida, maso ali pafoni.

Koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Sankhani anathamangitsa wovulalayo mpaka pansi pa nsanja ya adani, kumene adani ena awiri anamubisalira. Anagwa pomwepo. Pamene ankadikira kuti foni imudzutsenso, a ku Kamphata anadutsa mumzere wake wopanda mlonda ngati mbuzi zolowa m'dimba losatseka. Nsanja zinagwa motsatizana, kenaka likulu.

Ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndinawamvera chisoni ana aja. Palibe anamukalipira Sankhani, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Iye anangofunsa mwamanyazi kuti, ndani anathamanga kuposa iye m'bwalo lonselo? Mwandida anapukuta foni yake pachitenje.

“Palibe, achimwene. Koma kuthamanga sikufika.”

Ometa tsitsi anawatola mawuwo, okwera minibasi anawanyamula, lero ali paliponse.

Kuthamanga sikufika. Mwambiwu ukutanthauza kuti kuyamba ndi liwiro sikumaliza ntchito. Chimene wapeza poyamba chisakuiwalitse kumene ukupita, ndiponso anzako amene akudalira kuti uli pamalo pako. Sankhani akusewerabe mpaka pano, ndipo akapha woyamba, amanena yekha kuti chizimalupsa, n'kubwerera pamzere. Koma ku Lilongwe chaka chimenecho kunapita a ku Kamphata.